Sabata imodzi yokonza mijigo ku Nkhotakota

Mwezi wa Okutobala ndi umene mijigo imavuta kwambiri kuno ku Nkhotakota. Zitsime zosazama zimaphwa, madzi a pansi amatsika, ndipo mjigo umene unkamwetsa mudzi umodzi umayamba kumwetsa midzi ingapo, kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Gulu lathu la amakaniki lili pansi pa nthambi ya chitukuko ya mpingo. Lolemba m'mawa timapemphera mwachidule, kenako n'kuona mndandanda wa mijigo imene makomiti oyang'anira mijigo anena kuti yafa kapena ikutsimphina. Pafupifupi yonse ndi ya mtundu wa Afridev.

Timayambira ya pasukulu ndi ya pachipatala, kenako ya m'midzi imene mjigo ukafa amayi amatsikira kunyanja, ku dziwe la Chia kapena ku mtsinje wa Bua. Kumeneko kuli likodzo ndi ng'ona, ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sanaiwalike m'mphepete mwa nyanja. Funso loti mudziwo umapemphera kuti sililowa pamndandanda.

Tisanamasule bawuti iliyonse timayamba tauyesa mjigowo. Munthu amapopa ka 40 pa mphindi imodzi, handulo ikufika pamwamba ndi pansi penipeni, madzi akugwera mu ndowa ya malita 20. Mjigo wabwino umatulutsa malita pafupifupi 16. Akachepera 10, kawirikawiri ndiye kuti U-seal, kalabala ka pa plunger (chipangizo chokweza madzi pansi m'paipi), yaperepeseka. Kenako timausiya mphindi 30 osaukhudza. Ngati pambuyo pake madzi akuchedwa kutuluka mpaka munthu kupopa koposa kasanu, ndiye kuti akuthawira pansi: mwina bobbin (kalabala kotseka njira ya madzi) kapena O-ring (kalabala konga mphete) ya pa foot valve, valavu ya pansi yoletsa madzi kubwerera, yatha, mwina paipi yang'ambika. Handulo yogwedera cham'mbali ikunena za mabushi, timapulasitiki ta pa mapini timene handulo imayenderapo.

Mjigo wa Lachiwiri, chakumtunda kwa Benga, unali wa vuto la U-seal. Ntchito yake ndi ya sipanala imodzi ya 24 ndi anthu anayi. Timachotsa chivundikiro, kumasula manati a mapini awiri, kutulutsa handulo, n'kuyamba kukweza imodzi imodzi ndodo zachitsulo zolumikiza handulo ndi plunger. Ndodo iliyonse ndi ya mamita pafupifupi atatu ndipo zimakolana ndi ngowe. Apa m'pamene ngozi imachitikira: wogwira akataya ndodo mnzake asanagwiritse ya pansi, zonse zimagwera m'paipi, ndipo kuziwedza kumatha tsiku. Ndodo timaziyala pamitengo motsatana, osati padothi, chifukwa mchenga ukamatirira umakadya labala watsopanoyo. U-seal imavekedwa mlomo wake utayang'ana kumwamba. Ikazondoka, mjigo umapopa mphepo. Popeza zonse zili kunja kale, timawedzanso foot valve ndi kusintha mabobbin onse awiri, O-ring, mabushi anayi ndi timalabala ta pandodo timene tadyeka. Kusintha chimodzi chokha kumangochititsa kuti tibwerenso mwezi wamawa.

Sipanala sitiigwira tokha. Timaipereka kwa mmodzi wa amayi a m'komiti, ife n'kumangolozera.

"Koma achimwene, ndingathe ine zimenezi?"

"Mutha, amayi. Masulani pang'ono kaye, musachotseretu natiyo."

Amayi ndi amene amakhala pamjigo tsiku ndi tsiku, ndipo ndi amene amayamba kumva phokoso lachilendo. Akadziwa kusintha okha tizipangizo timeneti kamodzi pachaka, mjigo sufika pofa.

Lachitatu tinakafika pa mjigo umene umapweteka mtima. Pambali pake pali chikwangwani chokongola, dzina la mpingo umene unaukumba ndi vesi lake. Anthu akuti patsiku lotsegulira panali kwaya ndi alendo. Wakhala wakufa kuposa chaka. Chinayambitsa ndi mabushi: atatha palibe anawasintha, pini inayamba kudya chitsulo cha handulo, ndodo zinayamba kukhuza paipi mkati chifukwa timalabala take tinali titatha, mpaka paipi inabooka. Kanthu kotchipa kanabala vuto lofuna kuzula mapaipi onse. Komiti sinaphunzitsidwe, bukhu la ndalama kunalibe, ndipo anthu ankadikira eni chikwangwani kuti abwere.

Mipingo yathu imakonda kukumba kuposa kukonza, chifukwa kukumba kumaoneka ndipo kumajambulidwa. Koma walira mvula walira matope. Yakobo 2:15-17 amadzudzula munthu amene amauza mbale wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere osam'patsa zosowa za thupi, ndipo amati chikhulupiriro chotero n'chakufa. Mjigo wakufa wokhala ndi vesi pambali ukunena mawu omwewo kwa mayi amene akuudutsa ndi ndowa kupita kudambo. Pa Mateyu 25:35 Ambuye akuyamikira amene anawamwetsa ali ndi ludzu, ndipo ludzu limabwera tsiku lililonse, chaka chachisanu cha mjigo monga tsiku lotsegulira. Mpingo umene ukukonza zokumba uyenera kuikiratu mu bajeti maphunziro a komiti ndi ulendo wa makaniki, ngakhale zitatanthauza kukumba mijigo yochepa.

Kuzula mapaipi kunafuna amuna ambiri, ndipo a mfumu anawamemeza. Mapaipi a PVC a 63 mm amatuluka ali olumikizana, choncho amawachirikiza ndi mitengo ya mphanda kuti asathyoke. Malo obooka timadula ndi sowo, kupala m'mphepete, kupukuta, kupaka guluu wa mapaipi ndi kulumikiza ndi soketi. Guluu amafuna paipi youma ndi yoyera, ndipo mjigo uyenera kugona usiku wonse usanapopedwe. Anthu aludzu amaumiriza kuti ayambe kutunga madzulo omwewo, koma kuvomera n'kuwapha kawiri, chifukwa polumikiza paja pamamasuka. Ndodo zina zinali zitadyeka ndi dzimbiri. Kumene madzi amadya chitsulo motere timalangiza ndodo za stainless, chitsulo chosachita dzimbiri.

Lachinayi linali la ndalama, ndipo ndi tsiku lovuta kuposa onse. Ena amati popeza ndi ntchito ya Mulungu zonse zikhale zaulere. Ife luso timapereka, koma zipangizo amagula ndi mudzi, kuchokera pa zimene khomo lililonse limasonkha pamwezi. Msungichuma azilemba m'bukhu, risiti ya zipangizo iziwerengedwa pagulu, ndipo ndalama zikakwana zigulidwe zipangizo n'kusungidwa, chifukwa mitengo ikukwera msanga ndipo ndalama yokhala m'nyumba imabwerekedwa pa maliro. Pamsonkhano womwewo mudzi umatchula okha amene sayenera kusonkha: agogo okhala okha, olumala, ana amasiye olera anzawo. Apa m'pamene mphakati, amayi a chigwirizano kapena a Mothers' Union amaonetsa chikhristu chawo, potenga gawo la anthu amenewa ndi kutuma achinyamata kuti aziwatungira. Gogo wina anafunsa ngati amuletse kutunga popeza alibe kanthu. Wapampando anayankha kuti, "Agogo, inu tungani, zanu tasenza ife."

Mjigo wa Lachisanu uli pafupi ndi mzikiti, kufupi ndi Linga, pa boma la Nkhotakota. Nkhotakota ndi kwa Asilamu ambiri kuyambira nthawi ya a Jumbe, amalonda achiswahili amene ankalamulira kuno kale, ndipo mijigo yambiri timamwera limodzi. Tinalawirira kuti timalize dzuwa lisanafike paliwombo, anthu apeze madzi osamba asanalowe m'mapemphero. A Shehe anatuma anyamata awo kudzagwira ndodo. Pantchito yotere sitilalikira ndipo madzi sitiwasandutsa nyambo yokopera anthu kutchalitchi. Wotifunsa chifukwa chake timachita izi timamuyankha mosabisa kuti ndi chifukwa cha Yesu.

Loweruka ndi loyendera pamwamba pa mijigo imene takonza. Simenti yozungulira mjigo ikang'ambika, madzi akuda amabwerera pansi m'mbali mwa paipi. Ngalande iyenera kusesedwa, dzenje lomwera madzi lidzazidwe miyala, mpanda uletse mbuzi ndi ng'ombe, ndipo chimbudzi kapena khola zisayandikire mamita 30. Pa mjigo umene tinazula mapaipi tinaitana alangizi a zaumoyo kuti athire klorini anthu asanayambe kumwa. Pamudzi wina tinapeza chimbudzi chatsopano chikukumbidwa chakumtunda kwa mjigo, pafupi kwambiri. Nkhaniyo tinaisiya m'manja mwa a mfumu ndi komiti, ndipo mjigowo tauika poyamba pamndandanda wa Lolemba.