Ampu imodzi ya gitala yamagetsi, ya bokosi ndi vayolini: zomwe ndaphunzira

Gulu lathu loimba kutchalitchi lili ndi ndalama zokwana ampu (chokuzira mawu) imodzi yokha, koma zida za nsambo zofuna kukuzidwa mawu ndi zingapo: gitala yamagetsi, gitala ya bokosi yokhala ndi pikapu (kachipangizo kotola mawu a nsambo n'kuwatumiza ku ampu), ndiponso vayolini ya mlongo wina wa m'kwaya. Ntchito yofufuza inagwera ine, ndiye masabata apitawa ndakhala ndikuwerenga ndi kumvetsera.

Chomwe chanditsegula maso kwambiri ndi sipika. Ampu ya gitala yamagetsi sinapangidwe kuti itulutse mawu monga momwe alili. Sipika yake imayamba kudula mawu okwera akafika cha m'ma 5,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu), ndipo opanga amachita dala, chifukwa popanda kutero distortion (kulira kokhakhala kwa gitala yamagetsi) imakanda m'makutu. Kwa woimba lidi zimenezi n'zabwino. Koma mukalumikizapo gitala ya bokosi, kuwala konse kwa nsambo kumatha, imamveka ngati woimbayo wafunda bulangete. N'chifukwa chake ma ampu a zida za acoustic (zolira zokha popanda magetsi), monga Fishman Loudbox kapena AER Compact 60 ya ku Germany, amatulutsa mawu onse mpaka okwera kwambiri osawapaka kalikonse. Mukaikamo gitala yamagetsi yokhala ndi distortion, nayonso imalira "zzz" mosasangalatsa.

Kenaka pali nkhani ya pikapu, yomwe ambiri sitiiganizira n'komwe. Ya gitala yamagetsi ndi ya magineti, imamva kugwedezeka kwa nsambo zachitsulo. Ya vayolini ndi ya magitala ambiri a bokosi ndi ya piezo, imamva kunjenjemera kwa thabwa pomwe pakhala nsambo. Piezo imafuna polowera pa impedance (kukaniza kwa magetsi) yokwera, 1 megaohm kapena kuposa. Mukaibaya mwachindunji pa line ya mikisa, pomwe nthawi zambiri pamakhala cha m'ma 10 kilohm, mawu apansi amathawa, n'kutsala kulira kowonda kopweteka m'mutu. Magitala ambiri a bokosi amapulumuka chifukwa ali ndi preamp mkati, kachipangizo kolimbitsa mawu a pikapu, ija ya batire la 9V. Vayolini yathu ilibe. Tinaiyesa poyamba pa mikisa, kenaka kudzera m'kabokosi ka preamp kobwereka, ndipo mlongoyo anaima pakati pa nyimbo n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndi vayolini yanga yomweyi?"

Ndiye tigule iti? Maganizo anga afika apa: ampu yotha zambiri ndi ija ya mawu oyera. Distortion mutha kuionjezera ndi pedo (kabokosi kosinthira mawu kopondedwa ndi phazi), koma mawu omwe sipika yadula simungawabwezeretse ndi batani lililonse. Roland JC-120, yomwe inatuluka mu 1975 ndi masipika awiri a mainchesi 12, inatchuka ndi kuyera komweku, ngakhale kuti kulemera kwake, pafupifupi makilogalamu 28, sikwa munthu woyenda pa minibasi. Boss Katana, yomwe inabwera mu 2016, ili ndi posankha pa Clean, Crunch, Lead, Brown ndi Acoustic, ndipo mutha kuitsitsa mpaka 0.5 watt poyeserera kunyumba osadana ndi aneba. Kwa munthu amene gitala yamagetsi ndiye chida chake chachikulu, imeneyi ndi nzeru. Koma sipika yake ndi ya gitalabe. Kwa ife, zida ziwiri mwa zitatu ndi za piezo, choncho ndikupendekera ku ampu ya acoustic kapena ya kiyibodi, gitala yamagetsi izidutsa kaye pa pedo yotsanzira ampu ndi sipika yake. Woimba lidi wathu sanakondwe nazo poyamba, ndipo ndimamumvetsa: sizimveka ndendende ngati ampu ya mavavu (timachubu tagalasi tokuzira mawu) ikatentha. Koma m'tchalitchi chodzaza anthu, ng'oma zikulira, kusiyanako ndi ochepa angakumve.

Za ma watts ndisatalikitse. Ampu ya 100 watts siphokosera kawiri kuposa ya 50. Kusiyana kwake ndi ma decibel 3 okha. Kuti khutu limve kuti mawu akwera kawiri, mphamvu ziyenera kuchuluka pafupifupi kakhumi.

Wa besi anapempha kuti nayenso azigwiritsako. Ndakana. Nsambo yaikulu ya gitala imalira pa 82 Hz, ya besi pa 41 Hz, ndipo sipika ya gitala m'bokosi lotseguka kumbuyo ikakankhidwa ndi mawu otsika choncho mokweza, sichedwa kuwonongeka.

Mukamagula ampu ya kaunjika, anzanga, itembenuzeni muwerenge kachitsulo kakumbuyo musanapereke ndalama. Magetsi athu kuno ndi a 230V, pomwe zambiri zochokera ku America ndi za 120V zokha, ndipo popanda thiransifoma zimapsa pongoyatsa. Ife Loweruka tikupita kusitolo titanyamula vayolini, preamp ndi kebulo yathuyathu, mlongoyo akayese yekha nsambo zonse zinayi.