Njira ziwiri zoyendetsera protokolo pa kompyuta

Ziyankhulo za Estelle ndi LOTOS, zimene bungwe loona za miyezo pa dziko lonse la ISO linakhazikitsa mu 1989, pamodzi ndi SDL ya CCITT, bungwe la miyezo ya za matelefoni limene tsopano ndi ITU-T, zinapangidwa kuti protokolo, kutanthauza malamulo amene makompyuta amatsatira potumizirana mauthenga, izilongosoledwa mosasiya mpata woti anthu awiri aimve mosiyana. Koma kulongosola n'kwina, kuyendetsa pa kompyuta n'kwinanso, ndipo pagona nkhani ndi pamenepa.

Mu Estelle ndi SDL, gawo lililonse la protokolo limatenga uthenga pamzere wodikirira, limachitapo kanthu, kenako n'kusintha mkhalidwe wake. Njira yotchedwa server model imatsatira zimenezi ndendende: gawo lililonse limasunga mzere wake, ndipo pulogalamu yogawa nthawi imazungulira kufunafuna gawo limene lili ndi ntchito. Njirayi ndi yokhulupirika, koma imadya nthawi, popeza uthenga umayenera kuima pamzere paliponse pamene ukudutsa.

Njira ya activity thread ilibe mizere. Uthenga ukangofika kuchokera pa netiweki, gawo la pansi limaitana la pamwamba pake mwachindunji, nalonso n'kuitana linzake, mpaka uthengawo utafika kwa mwiniwake. Katswiri wa za makompyuta David Clark analemba za kuitana kopita m'mwamba kotereku mu 1985, ndipo liwiro lake palibe amene amalitsutsa.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti liwiroli likhoza kusokoneza tanthauzo. Tiyerekeze kuti gawo lalandira pempho lotsegula kulumikizana, ndipo lisanalembe kuti tsopano likudikira yankho, laitana gawo la pansi pake. Ngati la pansilo liyankha pompopompo kuti mpata palibe, yankholo lipeza gawo loyamba lija lidakali mumkhalidwe wakale, momwe uthenga wotere suyembekezeredwa. Mu SDL, uthenga wosayembekezeredwa umangotayidwa pokhapokha utasungidwa ndi lamulo la save. Choncho protokolo imene pa pepala inali yopanda chilema imayamba kutaya mauthenga, ndipo woifufuza amavutika kwambiri chifukwa zolembazo n'zolondola.

N'chifukwa chake ndimagwirizana ndi amene amapanga mosamala kompaila, pulogalamu yosandutsa zolembazo kukhala zimene kompyuta ingayendetse, kuti izisunga kaye mauthenga otuluka mpaka gawolo litamaliza kusintha mkhalidwe wake, ndiponso kuti izibwezeretsa mzere pamene kuitanako kungazungulire n'kubwerera kumene kunayambira. Kwina konse kotsala, magawo akhoza kumaitanana mwachindunji popanda chiopsezo chimenechi.