Tayiga wanyanyala phala

Loweruka, Chilomoni

Dzuwa la Okutobala silidikira munthu. Pofika 6 koloko m'mawa m'nyumba munali mutayamba kale kufunda, ndipo ndinadzuka n'kupita kukatereka mphika wa Tayiga, galu wathu, pambaula. Phala lake ndi lomwe lija la masiku onse: mgaiwa, usipa wosinja pang'ono, ndi msuzi wa mafupa a ng'ombe amene ndimatenga kubutchala Lachisanu. Litazizira ndinaika mbale pakhonde la kuseri. Mkuluyo anabwera akugwedeza mchira, ananunkhiza mbali iyi, ananunkhiza mbali iyo, kenako anandiyang'ana m'maso n'kupita kukagona pansi pa mtengo wa mango. Masiku angapo apitawa zakhala chonchi. Phala limauma m'mbale mpaka nkhuku za aneba kudzalimaliza.

Usipa wake ndiye wakwera mtengo, moti kuuona ukudyedwa ndi nkhuku za eni kumandiwawa mtima.

Chimene chimandizunguza mutu n'choti galuyu sakuoneka wodwala ngakhale pang'ono. Tayiga ndi galu wachikuda, wa zaka zitatu, wa ubweya wofiirira. Usiku wathawu wauwa mpaka ine kudzuka kukasuzumira pawindo, kupeza ndi mphaka chabe ali pampanda. M'mawa uno atangokana phala, wa kabaza wina anadutsa pageti ndipo iye anathamanga liwiro lake lonse kukamuuwa. Galu wanjala yeniyeni mphamvu zimenezi angazitenge kuti?

Cha m'ma 8 koloko ndinaimbira mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi kusekondale, pano amagwira ntchito ya zaziweto. Ndisanamalize n'kufotokoza komwe, iye anayamba kundiponyera mafunso.

"Aise, madzi akumwa?"

Akumwa, ndipo kwambiri chifukwa cha kutenthaku.

"Wasanza? Watsegula m'mimba? Chimbudzi chake wachiona?"

Apa ndinachita kupita kuseri kwa bafa, foni ili kukhutu, kukayang'ana chimbudzi cha galu. Chinali chouma bwino, chopanda magazi, ndiponso chambiri ndithu. Mnzangayo anaseka. Anati galu amene sakudya chilichonse sangasiye mulu ngati umenewo tsiku ndi tsiku, choncho pali penapake pamene akudya.

Anandiuza kuti ndimugwire galuyo ndimukweze mlomo wam'mwamba ndione nkhama. Zikakhala zofiirira bwino palibe vuto, koma zikakhala zotuwa, zoyera kapena zachikasu ndiye kuti magazi achepa, ndipo kuno kwathu chimene chimachititsa zimenezi kawirikawiri ndi matenda obwera ndi nkhupakupa. Anati ndidinikize nkhamazo ndi chala n'kusiya: pamalo podinikizapo payera, koma pakuyenera kubwerera mwakale masekondi awiri asanathe. Za Tayiga zinali bwino. Ndinamuyang'ananso mano ngati pali lothyoka kapena fupa lopingasa m'kamwa, poti galu amene dzino likumuwawa amafuna kudya koma akangoluma amasiya. Munalibe kanthu. M'makutu ndi pakati pa zala ndinapezamo nkhupakupa imodzi yokha, ndinaichotsa. Nthiti ndinazimva ndi manja popanda kuvutika koma sizikuonekera patali, chimene mnzangayo akuti ndiye thupi loyenera galu. Kunena zoona, pamimba pa Tayiga pakuoneka kuti pawonjezekera.

Za katemera wa chiwewe ndinayankha mosakayika. Kuno ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu ulere kuyambira 2015, ndipo Tayiga sanaphonyepo, khadi lake lili m'kabati. Mankhwala a njoka zam'mimba anamwa mwezi wathawu. Amayenera kumwa miyezi itatu iliyonse.

Mnzangayo sanafune kuti ndizitenge mopepuka zinthu. Anati galu wamkulu wathanzi akhoza kudumpha chakudya tsiku limodzi kapena awiri osavulala, bola azimwa madzi, koma akapitirira maola 48 osalawa kanthu ndimutengere kwa dokotala wa ziweto ngakhale akuoneka wosangalala. Akayamba kusanza, kutsegula m'mimba mwa magazi, kufooka, kukana madzi, kutuluka dovu kapena kusintha khalidwe mwadzidzidzi, pamenepo palibe zodikira. Ana agalu ndiye nkhani ina: kamwana kakakana kudya tsiku limodzi lokha uzithamanga nako, chifukwa matenda a parvo, amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba, amapha msanga. Anawonjeza kuti nyengo yotentha agalu ambiri amadya pang'ono, komanso galu wamphongo amatha kuiwala za chakudya ngati pafupi pali wamkazi amene ali pa nthawi yake yofuna amphongo.

"Koma wako uyu," anatero, "pali amene akumudyetsa. Fufuza pakhomo pako pomwepo."

Sindinavutike kufufuza. Cha m'ma 10 koloko ndinali pansi pa galimoto ya mlamu wanga imene inafera pano, ndikuyang'ana pamene pakudontha oyilo, ndipo kuchokera pamenepo khomo la kukhitchini limaoneka bwino. Apongozi anga, amene anabwera kuchokera ku Thyolo kudzationa, anatuluka ndi kapu ya tiyi ndi mandasi. Tayiga anadzuka pansi pa mango paja mosaitanidwa, n'kukakhala pamapazi awo mwaulemu wonse. Mandasi awiri analowa. Kenako gogoyo anabwerera m'khitchini n'kutulukanso ndi zikopa za nkhuku ya dzulo ndi msuzi wake, anathira pa chivundikiro cha poto, galuyo n'kunyambita mpaka chivundikiro kuwala. Pasanapite nthawi mwana wathu Tadala naye anatulukira ndi buledi wopaka majarini, analuma kamodzi, wotsalayo n'kuponya.

Chondiseketsa n'choti dzulo lomweli apongoziwo ndi amene amanena kuti agalu a m'tauni ndi opusitsidwa. Amati kwawo galu amadya mkute ndi makoko a mumphika, ndipo akakana nsima ndiye kuti wagwira mbewa kumunda. Mawu amenewo ndi oona ndithu. Kungoti mbewa za Tayiga zikuchokera m'manja mwawo.

Tsopano vuto linachoka kwa galu n'kubwera kwa ine. Mkamwini sangaime pamaso pa apongozi n'kunena kuti Amayi, lekani zimenezo. Ndinatuluka pansi pa galimoto, ndinasamba m'manja, n'kukapeza mayi a Tadala akuchapa.

"Mayi a Tadala, galu uja ndamupeza matenda ake."

"Akudwala chiyani?"

"Mandasi a agogo."

Anaseka mpaka kusiya chitenje chimene amafinya. Akuti amadziwa kale, kungoti samaganiza kuti n'chifukwa chake phala likutsala. Akuti amayiwo kumudzi amazolowera kukhala ndi ziweto powazungulira, ndiye kuno masana tonse tikapita kuntchito ndipo Tadala ali kusukulu, wocheza naye ndi Tayiga. Amamulankhula, amamufotokozera za mtengo wa feteleza, iye n'kumamvetsera. Izi zinandifewetsa mtima, koma sizinasinthe maganizo anga pa nkhani ya msuzi. Ndiwo zathu timathira anyezi wambiri, ndipo anyezi, wophika kapena wamuwisi, amawononga magazi a galu akamadya pafupipafupi. Adyo chimodzimodzi. Zikopa za nkhuku zokazinga ndi mafuta okhaokha, zimatha kumutsegula m'mimba. Mafupa a nkhuku yophika ndiye oopsa, chifukwa amasweka n'kukhala zisonga zimene zingabaye pakhosi kapena m'matumbo. Chokoleti ndi mphesa nazo galu sayenera kulawa, ndipo zimenezi ndinauza Tadala payekha, poti mabisiketi a chokoleti amene amagula pa okala ndimawadziwa kumene amathera.

Ambirife galu akakana kudya timathamangira kumusinthira chakudya. Lero wakana phala, timuwonjezera nyama. Mawa wakana nyamayo, timupatsa mpunga ndi chiwindi. Galu si wopusa: amaona kuti akakana choyamba, chachiwiri chimabwera chokoma kuposa, ndiye amaphunzira kudikira. Amene amagula chakudya cha m'matumba cha m'masitolo amakumana ndi zomwezi, mwinanso kuposa ife a mgaiwa, poti thumba limodzi likakanidwa ndalama zambiri zalowa m'madzi. Ndipo kusintha chakudya mwadzidzidzi kumasokoneza m'mimba mwa galu. Ukafuna kusintha umasakaniza chatsopano ndi chakale pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu.

Njira imene mnzanga uja anandipatsa ndi yosavuta kuinena, kuitsatira ndiye nkhani. Chakudya kawiri patsiku, nthawi yomweyomweyo, m'mawa kusanatenthe ndi madzulo kutazizira. Mbale ikhale pansi mphindi 15 kapena 20. Wadya, sanadye, uchotse osamunyengerera, osamudyetsa ndi dzanja, osaima pambali n'kumamudandaulira. Pakati pa nthawi ziwirizi asalawe chilichonse kupatula madzi, ndipo madziwo akhale oyera, pamthunzi, tsiku lonse. Anatinso phalalo ndizimupatsa lofunda pang'ono osati lozizira, chifukwa galu amadya ndi mphuno kuposa lilime. Timalo tomvera kukoma pa lilime lake tilipo pafupifupi 1,700 pamene munthu ali nato pafupifupi 9,000, koma pa kununkhiza amatisiya kutali. Chakudya chofunda chimatulutsa fungo.

Masana tinadya nsima ya nyemba. Tayiga anakhala pakhomo la pabalaza, chibwano chili pa simenti, maso ali pa apongozi. Ndinaona dzanja lawo likutema mbamu, likuviika mu nyemba, kenako likuima m'malere. Mayi a Tadala anakhosomola. Mbamu ija inalowa m'kamwa mwa eni ake.

Titatha kudya, mayi ndi mwana wawo anakhala pamphasa kuseri kwa nyumba akusankha mpunga, ndipo nkhani inakambidwa kumeneko ine ndili patali. Ndimangomva mawu apa ndi apo. Ndinamva gogoyo akunena kuti kumana galu amene akukuyang'ana ndi nkhanza, n'kuwonjeza kuti iwo analera ana asanu ndi agalu osawerengeka popanda wotchi. Patapita nthawi anandiitana okha.

"Bambo a Tadala, ndamva kuti ndikukuwonongerani galu."

"Iyayi Amayi, si choncho. Kungoti a zaziweto akuti anyezi amamudwalitsa."

"Nanga ineyo ndizidya iye akundiyang'ana?"

Apa mayi a Tadala ndi amene anapeza nzeru. Anati popeza galuyo amamvera agogo kuposa wina aliyense pakhomo pano, agogowo ndi amene azimupatsa phala lake m'mawa ndi madzulo. Mbale izichokera m'manja mwawo. Akafuna kumupatsa kanthu kapadera, azisunga tiusipa touma tingapo n'kuwaza pamwamba pa phalalo, osati kumupatsa padera. Gogoyo anaganiza kaye, kenako anati phala limene ndimaphika ine ndi lamadzimadzi, galu wanzeru sangadye, kuyambira lero aziphika okha. Ndinavomera msanga. Pa nkhani ya mphindi 20 anati alibe wotchi, koma azichotsa mbale akamaliza kutsuka mapoto, ndipo ndikawerengera nthawi yake ndi yomweyo.

Madzulo cha m'ma 5 koloko, dzuwa litapendekera ku Michiru, ndinamumanga chingwe Tayiga n'kuyenda naye limodzi ndi Tadala mpaka kumsika ndi kubwerera. Galu amene wagona tsiku lonse pamthunzi njala aitenge kuti? Panjira anakoka chingwe kufuna kupita pa chiwaya cha tchipisi, pamene anyamata ake anamuitana ndi dzina. Apo ndinadziwa kuti geti likatseguka m'mawa mkuluyu amakhala ndi maulendo ake. Ndinawapempha anyamatawo kuti asamamuponyere zotsala, iwo n'kulonjeza akuseka, ndipo lonjezo limenelo sindikuliwerengera. Geti ndilo liyenera kumatsekedwa.

Titafika kunyumba magetsi anali atazima. Apongozi anali ataphika kale phala lawo pambaula, lolimbirapo kuposa langa, fungo la usipa lili ponseponse. Anaika mbale pakhonde n'kunena kuti, "Idya iwe, usandichititse manyazi," basi n'kulowa m'khitchini. Tonse tinachita ngati sitikuona. Tayiga ananunkhiza, anapita pakhomo la khitchini kukadikira, anabwereranso, anakhala pansi, anadzukanso. Kenako anayamba kunyambita usipa wapamwamba, ndipo posakhalitsa ndinamva mbale ikukhulana ndi simenti. Anadya kupitirira theka. Mapoto atatha, gogoyo anatuluka n'kuchotsa mbale, galuyo akuiperekeza ndi maso.

Apongozi akuti umenewu ndi umboni woti vuto linali kaphikidwe kanga, ndipo ine sindinatsutse.

Mnzanga uja ndamutumizira uthenga pa WhatsApp, wayankha kuti ndisasangalale msanga, galu wozolowera zokoma amayesanso mwayi kwa masiku angapo, ndipo munthu mmodzi yekha akamumvera chisoni zonse zimayambiranso. Mawa ndi Lamulungu, tikachoka kutchalitchi kubwera alamu anga ndi ana awo atatu, ndipo tambala amene gogoyo anabwera naye kuchokera ku Thyolo aphedwa. Tagwirizana kuti nthawi ya nkhomaliro Tayiga akhale womangirira kuseri pamthunzi, mafupa onse atoledwe m'mbale imodzi n'kukatayidwa m'dzenje lovundikira, ndipo Tadala ndi amene wapatsidwa udindo wolondera abale akewo. Wafunsa kale ngati ntchitoyi ili ndi malipiro.