Chiphaso chafika, koma mfuti ija yatsala mukabati

Khadi lija la chiphaso chonyamulira mfuti lafika Lachiwiri. Ndinang'amba envulopu nditaima pabokosi la makalata pomwepo, n'kuyamba kuseka ndekha ngati wozungulira mutu, chifukwa mfuti imene inandiyambitsa ulendo wonsewu ili phee mukabati yachitsulo, ndipo sindikuona tsiku limene idzatuluke kupita nane kulikonse.

Ndimakhala kuno ku Dallas, mzinda wa ku Texas m'dziko la America, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba usiku. Chaka chatha akuba anaswa galasi la galimoto yanga kawiri panja pa nyumba, kenako tsiku lina ndikuweruka mbandakucha mnyamata wina ananditsatira kuchokera pothirira mafuta mpaka pageti. Mantha ndi amene anandituma kusitolo ya mfuti. Alamu anga, omwe akhalitsa kuno, anati, "Alamu, ngati mukugula, gulani yoti wakuba akangoiona athawe yekha." Ndiye ndinasankha imene amati AR pistol, ya zipolopolo za 5.56, mpope wake mainchesi 10.5. Maonekedwe ake ndi a mfuti yaikulu yotchedwa AR-15 koma yaifupi, zipolopolo zake ndi za mfuti yaikulu, koma pamalamulo ndi pisitolo chifukwa ilibe chotsamiritsa paphewa.

Kulakwitsa kwanga koyamba n'kumeneko. Pezani chiphaso kaye, mfuti pambuyo. Ndinalemba fomu ya 4473, imene wogula mfuti amalemba m'sitolomo, ndinaika nambala ya green card yanga, khadi lolola mlendo kukhazikika m'dziko muno, wogulitsa anatumiza dzina langa kuti alifufuze, yankho n'kubwera lakuti adikire. Anati andiimbira. Sanaimbe. Ndinayendetsa galimoto ola lathunthu kupita kumeneko Lachisanu, n'kupeza amene ankadziwa nkhani yanga sanabwere, ndipo mnzake sanafune ngakhale kutsegula kompyuta. Ndinakaitenga ulendo wachitatu. Ndinadzamva m'kalasi ya chiphaso kuti ku Texas kuno munthu wokhala ndi chiphaso chimenechi, chimene amati License to Carry, sadikira zimenezi, amangolemba fomu, kuonetsa khadi, basi.

Amene muli pa viza ya sukulu kapena yongocheza, nkhaniyi isiyeni. Lamulo la dziko lonse la America limaletsa anthu a ma viza otere kukhala ndi mfuti, kupatula njira zochepa monga kukhala ndi chilolezo cha ulenje. Ife a green card timaloledwa, koma dziwani kuti mlandu wa mfuti ukakutsutsa kukhothi, ndi umodzi mwa milandu imene amathamangitsira munthu m'dziko muno. Mzungu woyandikana nawe akalakwitsa amalipira loya n'kubwerera kwawo kukagona. Iwe ukhoza kudzapezeka watsikira pa Kamuzu International ndi kachikwama kamodzi.

N'chifukwa chake ndinalimbikira chiphasocho ngakhale kuti kuyambira pa 1 Seputembala 2021 Texas imalola munthu wa zaka 21 kunyamula pisitolo popanda chiphaso. Ndinkafuna wina andikhazike pansi andiuze pomwe malire ali. Komanso pali lamulo loletsa mfuti pamtunda wa mapazi 1,000 kuzungulira sukulu, limene silikhudza munthu wa chiphaso cha Texas akakhala ku Texas konkuno, ndipo msewu umene ndimadutsa tsiku lililonse uli m'mbali mwa mpanda wa sukulu ya pulayimale.

Kulembetsa pa intaneti ku DPS, nthambi ya boma la Texas imene imapereka chiphasochi, sikuvuta, ndi madola 40. Kalasi ndi ya maola 4 mpaka 6, mphunzitsi mumamulipira payekha, mayeso olemba ndi oti aliyense amene sanagone m'kalasi akhoza. Zimenezo sindichedwapo.

Koma zidindo za zala! Abale anga, apa m'pamene ndinatsala pang'ono kuzisiya zonse. Munthu wogwira ntchito ngati yangayi amasamba m'manja kosawerengeka usiku umodzi, sopo, mankhwala opha tizilombo, magolovesi, mpaka timizere ta zala timafufutika. Ine sindinkadziwa. Ndinapita kumalo kumene amajambula zala nditangoweruka, maso ali psuu. Mayi wapamakinawo anakanikiza chala changa pagalasi, makina analira, anabwereza, analiranso, kenako anangoti zakwana choncho, pitani. Ndinamufunsa ngati zaoneka bwino, anandiyankha akuitana kale munthu wotsatira. Patapita masabata angapo ndinalandira uthenga wakuti zidindo zanga sizikuwerengeka, ndikajambulitsenso. Nthawi yonseyo ine ndinkawerenga masiku 60 amene lamulo limapereka kuti chiphaso chituluke, osadziwa kuti masikuwo amayamba zonse zofunika zikakwanira. Ndinkawerenga mphepo.

Ulendo wachiwiri anandipatsa tsiku la patsogolo kwambiri, nthawi ya masana, nthawi yanga yogona. Ndinafika, makina awo sakugwira ntchito, palibe amene anaganiza zotitumizira uthenga. Tinakhala anthu angapo pamipando yapulasitiki tikuyang'anana mpaka mnyamata wina anatuluka n'kuti tibwere tsiku lina. Ndinabwerera kunyumba osagona, usiku womwewo n'kukagwira ntchito maola 12. Chimene chinandipulumutsa ndi mayi wina wa ku Ghana amene timagwira naye ntchito, yemwe zinamuchitikirapo pa mapepala ake a unamwino. Anati ndizipaka mafuta m'manja usiku ndi usana kwa sabata yonse, ndipo ndikajambulitse nditapuma masiku awiri, osati ndikuchokera kuntchito. Ulendo wachitatu zala zonse khumi zinalowa kamodzin'kamodzi. Anzanga a m'nyumba zosamalira okalamba, mafuta m'manja, sabata yonse.

Ndadumpha za kuwombera. Tsiku la kalasi ndinasinthana ntchito ndi mnzanga, ndinanyamula mfuti yanga yatsopano m'bokosi lake, wonyada. Woyang'anira malo owomberawo anangotsegula bokosi n'kupukusa mutu. Anati khoma lawo logwira zipolopolo linapangidwira za pisitolo wamba, za 5.56 sizololedwa. Mfuti zobwereka zinali zitatengedwa zonse. Loweruka lonse linapita choncho, ndipo mnzanga uja ndinayenera kumubwezera Loweruka lake. Sabata yotsatira ndinabwereka pisitolo wamba ya zipolopolo za 9mm, ndinawombera zipolopolo 50 pa mayadi 3, 7 ndi 15. Amafuna mapointi 175 mwa 250, ndinapambana popanda vuto, chikhalirecho inali nthawi yanga yoyamba kugwira mfuti yoteroyo. Ndikanakhala wanzeru ndikanamva pomwepo zimene manja anga ankandiuza. Imbani foni kaye mufunse zipolopolo zimene amalola. Ndipo chiphaso kaye, mfuti pambuyo, chifukwa m'kalasimo m'mene mungadziwire imene ikukuyenerani.

Tsono funso limene alamu anga ankati ndi losavuta: kodi ndi yololedwa kuyenda nayo? Inde. Lamulo la Texas limati pisitolo ndi mfuti yopangidwa kuti iwombedwe ndi dzanja limodzi, ndipo yangayi inagulitsidwa ngati pisitolo. Koma malire ake ndi opyapyala ngati ulusi. Ukangoiika chotsamiritsa paphewa chenicheni, mpope wake uli wosakwana mainchesi 16, yasanduka mfuti yaikulu yofupikitsidwa pansi pa lamulo la 1934 lija, National Firearms Act, ndipo kukhala nayo osailembetsa ku ATF, nthambi ya boma la America yoona za mfuti, ndi mlandu wofika zaka 10 m'ndende. Ukaika chogwirira choimirira kutsogolo pa mfuti yosakwana mainchesi 26 m'litali, walowanso m'lamulo lomwelo. Tizinthu timeneti amatigulitsa pashelefu poyera, madola ochepa, palibe amene amakufunsa kuti ukukaika pa mfuti yanji. Ndiye pali kachipangizo komangirira pamkono kamene amati brace, komwe yanga inabwera nako. Mu Januwale 2023 ATF inatulutsa lamulo loti mfuti zambiri zokhala nako zizilembetsedwa, mu Juni 2024 woweruza wa kuno ku Texas, Reed O'Connor, analithetsa. Chinthu chomwecho, mukabati yomweyo, chaka china n'chovuta, chaka china chili bwino. Munthu wa green card angagone tulo pa zotere?

Nanga kunyamula kwake. Ukafuna kuyenda nayo poonekera, lamulo likuti ikhale mu holster, kathumba koikamo pisitolo, ndipo chinthu chotalika kuposa theka la mita, cholemera makilogalamu pafupifupi atatu, sindikudziwa chiuno chimene chingachinyamule. Yatsala njira ya chikwama chakumsana. Ndinayesa kunyumba, mfuti ilibe chipolopolo, mayi akunyumba akuwerenga ndi foni: kuvula chikwama, kutsegula zipi, kuitulutsa itakola pansalu. Anasiya kuwerenga n'kuyamba kuseka. Anati, "Bambo, wakuba uja akhala atafika kale ku Fort Worth," mzinda woyandikana ndi wathu. Komanso chikwamacho sungalowe nacho paliponse. Pakhomo pakakhala chikwangwani cha 30.06, choletsa a chiphaso kulowa ndi mfuti yobisa, chiphaso chako chathera pomwepo, chimodzimodzi malo omwera mowa okhala ndi chikwangwani cha 51%, chosonyeza kuti ndalama zawo zambiri amazipeza pogulitsa mowa womwera pomwepo. Kuntchito kwathu n'kosayesa n'komwe. Ndiye uisiye m'galimoto, galimoto yomwe ija anaiswa kawiri.

Chimene chinamaliza nkhani ndi tsiku limene ndinapeza malo olola 5.56 n'kuiwomba koyamba. Chipolopolo chimenechi anachipangira mpope wa mainchesi 20, ndiye mu mpope waufupi onga wambiri amapsera kunja. Moto umatuluka lawilawi ngati wa munthu wowotcherera zitsulo, phokoso lake umalimva m'mano ngakhale utatseka makutu kawiri. Bambo amene anali pambali panga anasonkhanitsa katundu wake n'kusamukira kumapeto. Ndili pomwepo ndinaganiza za kakhonde ka m'nyumba mwathu usiku, kopanda zotseka m'makutu, makoma ake aja oti ukhoza kuboola ndi chibakera, kuseri kwake kukugona mwana wathu wamkazi, kuseri kwinako banja la eni ake.

Dzulo ndinapita nayo kusitolo ina kuti ndisinthitse ndi ya 9mm yaing'ono ngati ndinabwereka ija. Anaitembenuza uku ndi uku, anasuzumira mumpope, n'kutchula mtengo wosafika theka la ndalama zimene ndinagulira. Ndinaitseka m'bokosi n'kubwerera nayo. Alamu anga akuti aigula okha kumapeto kwa mwezi, koma akufuna ndiwachotsereko.