Mawondo, chithokomiro ndi phala la m'mawa

Lachitatu, mwezi wa June, Lilongwe

Kwacha ndi mwera, ndipo pabenchi lodikirira pachipatala pano anthu anali atafunda zitenje mpaka kumutu. Nyengo ino odwala chithokomiro amabwera ambiri. Thupi limene chithokomiro chake chafooka silipirira kuzizira, ndipo oyamba kudandaula amakhala mawondo ndi zala.

Oyamba kulowa anali mayi a zaka za m'ma 40 ochokera ku Area 25, ogulitsa mandasi. M'buku lawo la kuchipatala munalembedwa kuti ali ndi matenda a Hashimoto, dzina la dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, amene anawafotokoza mu 1912. Pa matendawa chitetezo cha m'thupi chimaukira chithokomiro cha mwini wake, kachiwalo ka pakhosi kaja, mpaka kamalephera kupanga mahomoni okwanira. Mayiwa anati mawondo akulemera ngati amangiriridwa miyala, ndipo usiku dzanzi likuwadzutsa, makamaka m'chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati. Mahomoni akachepa, m'minofu ndi mozungulira molumikizira mafupa mumaunjikana zinthu zonanda zimene zimasunga madzi. Malowo amatupa pang'ono, amauma, ndipo pamkono mtsempha wopita kuzala zitatuzo umapanikizika.

Magazi anasonyeza TSH ya 11 (TSH ndi mahomoni amene thupi limatumiza kukalamula chithokomiro kuti chigwire ntchito). Pa ma labu ambiri yoyenera imakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0, ndipo ikakwera ndiye kuti thupi likupemphabe mahomoni. Komatu mayiwa amamwa levothyroxine, mankhwala olowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, wa 100 mcg tsiku lililonse, sadumphitsa.

"Amayi, mankhwalawa mumamwa bwanji?"

"Ndimamwera phala, adokotala, kuopa kuti angandikwangule m'mimba. Ndimaphatikiza ndi aja owonjezera magazi kuti ndisaiwale."

Phalalo ndi la Likuni, la soya, ndipo pambali pamakhala tiyi wamkaka. Vuto lonse linali pamenepo. Levothyroxine ndi mankhwala ovuta kulowa m'magazi. Soya, khofi, mkaka ndi chakudya chilichonse zimachepetsa mlingo umene matumbo angatenge, ndipo mapiritsi a ayironi, owonjezera magazi aja, amagwirana naye n'kutuluka naye limodzi. Munthu amameza 100 koma thupi limalandira ochepa, ndiye amapita kugolosale kukagula mankhwala a ululu pomwe chofunika kukonza ndi nthawi yomwera basi.

Tinagwirizana chonchi. Akadzuka 4 koloko kukakanda ufa wa mandasi, piritsi likhale loyamba, ndi kapu ya madzi okha. Phala ndi tiyi zidikire mphindi 30 mpaka 60. Ayironi, calcium, ndi mankhwala a kutentha pamtima monga magnesium trisilicate zitalikirane ndi levothyroxine ndi maola 4, choncho ayironi apite ku nkhomaliro. Amene m'mawa sangakwanitse akhoza kumwa pogona, bola papite maola 3 chidyereni nsima, ndipo asamasinthesinthe. Mapiritsi akhale m'paketi mwake, kutali ndi mbaula ndi dzuwa la pawindo, chifukwa kutentha ndi chinyezi zimawafooketsa. Mlingo sitinausinthe. Mankhwalawa amakhalitsa m'magazi, theka lake limatenga pafupifupi sabata kuti lithe, n'chifukwa chake TSH imayezedwanso pakapita milungu 6 mpaka 8. Kuyeza msanga n'kutaya ndalama. Ndipo ngakhale TSH itakhala bwino, minofu ndi mawondo zimachedwa kutsatira, nthawi zina miyezi ingapo. Izi ndi zofunika kumuuza munthu poyambirira, apo ayi sabata yachitatu amataya mtima.

Podikira milungu imeneyo ntchito siima. M'mawa manja aviikidwe m'madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15, uku akufumbata ndi kutambasula zala. Kutentha kwa madzi ayese ndi chigongono, popeza zala zadzanzi zimapsa mwini wake osamva. Pabondo aike botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje kwa mphindi 15 kapena 20. Bondo limadalira nyama ya pantchafu, ndiye atakhala pampando aongole mwendo, augwire choncho kuwerenga mpaka 5, autsitse pang'onopang'ono, ka 10 mwendo uliwonse, kawiri patsiku. Kuyenda mphindi 20 dzuwa litakwera kumathandiza kuposa kugona tsiku lonse. Ululu ukakula n'kukhalapobe mpaka mawa lake, ndiye kuti apitirira muyeso, achepetse koma asasiye.

Zina ndi za pakhomo. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo kuisenza kuchokera pa kiyosiki ya madzi kumathera m'khosi ndi m'mawondo. Maulendo awiri a malita 10 ndi abwino. Pochapa kapena pokazinga akhale pakampando, asanjute. Mthiko ndi mpeni azikulunge kansalu pogwirira kuti zinenepe, zala zisamafinye kwambiri. Kufinya mabulangete apatse ana. Usiku mkono ugone woongoka, osaupinda kunsi kwa pilo, pakuti kupinda ndiko kumabweretsa dzanzi lija.

Pa mankhwala a ululu, poyambira ndi Panado: mapiritsi awiri a 500 mg, motalikirana maola 6, osapitirira 8 pa maola 24, ndipo wochepa thupi kwambiri kapena wodwala chiwindi amwe ochepera apo. Brufen wa 400 mg ndi wa masiku ochepa chabe, atadya, ndipo si wa munthu wa zilonda za m'mimba, wa impso, wa BP yosatsika kapena woyembekezera. Cholakwika chimene chimaoneka kawirikawiri n'kuphatikiza brufen, diclofenac ndi indocid poganiza kuti ndi mankhwala osiyana. Ndi banja limodzi, ndipo akakumana m'mimba amatha kutulutsa magazi. Prednisolone, mankhwala amphamvu oletsa kutupa, wongogula wekha ndiye woipitsitsa: masiku oyamba munthu amamva ngati wachira, kenako shuga ndi BP zimakwera, nkhope imatupa, mafupa amafooka, ndipo kumusiya mwadzidzidzi utamwa nthawi yaitali n'koopsa.

Cha m'ma 11 kunabwera mtsikana wa ku Kawale, nayenso wa Hashimoto. TSH yake ndi 2, mankhwala amamwa bwino, koma mfundo za zala za manja onse awiri ndi zotupa, zofewa ukazigwira, ndipo m'mawa pamapita ola lathunthu asanathe kumanga mabatani a bulauzi. Kunyumba akhala akumuuza kuti ndi chithokomiro chomwecho. Si chimenecho. Munthu amene chitetezo chake chaukira chiwalo chimodzi amakhala pachiopsezo choti chiukirenso china, ndipo chithunzi ichi chikuloza ku nyamakazi yotchedwa rheumatoid arthritis. Kuwonjezera levothyroxine sikungachite kanthu. Analemberedwa kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central kuti akaonedwe ndi madokotala a matenda a m'thupi, akayezedwe magazi oonetsa kutupa m'thupi (ESR kapena CRP) ndi oloza nyamakaziyi (rheumatoid factor, ndi anti-CCP ngati kungatheke). Nyamakazi imeneyi imadya mafupa mwakachetechete, ndipo chala chikapindika sichiongokanso, choncho miyezi yoyambirira ndiyo ya mtengo wapatali.

Masana kunafika bambo wina wa ku Mchesi amene anadziwonjezera yekha mlingo, kuchoka pa 100 kufika 200, atamva kuti ululu umabwera mankhwala akachepa. Tsopano mtima ukugunda mothamanga, manja akunjenjemera, tulo kulibe, ndipo podzuka pampando akuchita kugwira tebulo chifukwa ntchafu zafooka. TSH yatsika kufika pansi pa 0.1, kusonyeza kuti mahomoni achuluka. Mahomoni ochuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima ndi kukokolola mafupa, makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba. Anabwezeredwa pa mlingo wakale.

Paja mlingo umasinthadi pa zifukwa zina, koma asinthe ndi dokotala. Mayi akangodziwa kuti ndi woyembekezera abwere sabata yomweyo, chifukwa kawirikawiri pamafunika kuwonjezera ndi 25 mpaka 30 peresenti. Woyamba mankhwala a TB anene, popeza rifampicin, mmodzi mwa mankhwalawo, amachititsa chiwindi kuphwanya levothyroxine mofulumira. Ndipo pali ululu wosayenera kugona nawo kunyumba: bondo limodzi lotupa, lotentha, losapondeka, thupi likutenthanso, likhoza kukhala ndi mafinya mkati, n'lofunika chipatala tsiku lomwelo. Kuphwanya thupi lonse ndi kutentha, kuno kwathu, tiyambe tayeza malungo.

Tikutseka, mayi a mandasi aja anabwereranso atafika kale pa siteji ya minibasi. Mnzawo wa kutchalitchi anawauza kuti asiye kabichi ndi mchere wa ayodini, ayambe makapisozi a zomera za m'nyanja. Kabichi wophika, wa mlingo wa ndiwo, alibe vuto. Mchere wa m'paketi apitirize monga mwa masiku onse. Makapisoziwo ndiwo asiye, chifukwa ayodini wochuluka amatha kufooketsanso chithokomiro cha munthu wa Hashimoto.

"Nanga phala langa la soya, adokotala?"

"Imwani ndithu, amayi, koma 5 koloko, osati 4."

M'buku mwawo mwalembedwa kuti abwere sabata yoyamba ya August, adzayezedwenso magazi.