Mtengo wa gogodela sufuna penti

Pa ntchito yonse yopanga gogodela, gawo limene limandikomera ndi lomaliza, lopatsa mtengo wa mfutiyo mtundu ndi kuumwetsa mafuta. Ndi pomwenso anthu ambiri amaonongera ntchito ya miyezi, chifukwa akafika apa mtima umakhala utapita kale kokaombera.

Ndimatsatira mfuti za mpope wautali zimene amisiri ochokera ku Germany ankapanga ku Pennsylvania, ku America, m'zaka za m'ma 1700, makamaka cha ku Lancaster kumene kunkagwira ntchito Jacob Dickert. Mtengo umene ankaukonda ndi maple, uja wa mizere yopingasa. Walnut ndi wosavuta, ngwodera kale, umangofuna mafuta basi. Maple ukangosemedwa umakhala woyera mbee, mizere yakenso yosaoneka bwino, ndiye m'pamene munthu amayesedwa kuti angotenga chitini cha penti yamadzi n'kupakapo. Ine ayi. Penti imakhala pamwamba n'kuphimba mtengo, pamene mtundu weniweni umayenera kutuluka m'kati mwake.

Mankhwala asanayandikire, mtengo upalidwe. Ndimakonda kachitsulo kopalira kuposa sandipepala, chifukwa sandipepala imadya m'mphepete mwa zosema, zonse n'kuoneka zobuntha. Kenako ndimaupukuta ndi kansalu konyowa. Ukauma, timaubweya ta mtengo timadzuka, ndipo ndimatipala, kunyowetsanso, kupalanso, mpaka titasiya kudzuka. Waya wa chitsulo wokwechera uja musamuyandikitse pano. Tizidutswa take timatsalira m'mtengo, ndipo tikakumana ndi mankhwala timasanduka madontho akuda osachoka.

Mankhwala ake ndi aqua fortis, asidi wa nitric amene asungunuliramo chitsulo mpaka atakhuta. Sindilimbikitsa munthu kudzipangira yekha, utsi wofiirira umene umatuluka pamenepo ndi poizoni. Ferric nitrate wogula, wosungunula m'madzi, amagwira ntchito yomweyo.

Mukapaka musachite mantha. Mtengo umasanduka wotuwa mobiriwira, wonyansa kuuona. Usiyeni uume, kenako muupatse moto. Akale ankawotcha chitsulo mpaka kufiira n'kumachiyendetsa pafupi ndi mtengo osaukhudza. Ife tili ndi makina otulutsa mpweya wotentha. Pamene kutentha kwafika, kubiriwira kuja kumatha n'kubwera kufiira kodera, ndipo mizere imatumphuka ngati ya mbidzi. Chimachititsa n'chakuti ulusi wa maple wotereyu suyenda mowongoka, umakwera n'kutsika. Pamene watulukira pamwamba pamamwa mankhwala ambiri n'kuda, pamene wagona pamamwa pang'ono. Nchifukwa chake mukapendeketsa mfutiyo padzuwa mizereyo imaoneka ngati ikuyenda, zimene penti singachite. Koma dzanja lisaime malo amodzi, makamaka m'mbali mwa ngalande ya mpope mmene mtengo ndi wopyapyala, pakuti mmenemo mumapsa msanga.

Matabwa awiri a maple salandira mankhwalawa mofanana, choncho ndimayamba ndayesa pa kachidutswa kotsala pa thabwa lomwelo. Ndikaona kuti mtundu ukuchepa, ndimatsogoza tannic acid, mankhwala opezeka m'makungwa a mitengo, ndipo mizere imada kwambiri. Pomaliza ndimatsuka ndi madzi a soda wophikira kuti asidi afe, apo ayi mtengo umapitirira kuda ndipo mpope umachita dzimbiri kunsi kwake kumene simukuona. Panali nthawi imene ena ankapaka chromic acid chifukwa chofulumira, koma mfuti zambiri zoterozo zinadzabiriwira patapita zaka.

Pa mafuta ndiye pali mkangano. Ambiri amalumbirira mafuta a linseed okha, ochokera ku njere za fulakesi, amvekere ndiwo achikale. Ine sindigwirizana nawo kwenikweni. Linseed payekha amachedwa kuuma ndipo satchinga madzi mokwanira, komanso mfuti zambiri zakale zinali ndi vanishi wophikidwa kuchokera ku mafuta ndi utomoni. Choncho ndimagwiritsa ntchito linseed wophika wosakaniza ndi vanishi pang'ono. Kupaka koyamba ndimathirako turpentine, wosungunulira penti uja, kuti alowerere, ndipo ndimamwetsa paliponse: m'ngalande ya mpope, m'dzenje la loko (chitsulo choyatsa wonga), ndi kunsi kwa chitsulo cha kuthako, chifukwa madzi amalowera kobisika kotereku.

Kuchoka apo ndi madontho chabe. Kadontho pachikhatho, kutikita mpaka dzanja litatentha, kupukuta otsala, n'kuupachika. Osawonjezera ena oyambawo asanaumitsitse. Mafuta opakidwa pa anzake aawisi amanata mpaka kalekale. Kuwala kwa dzuwa kumathandiza kuti aume. Akamanyezimira mopitirira ndimawazimitsako ndi ufa wa mwala wopepuka wotchedwa pumice wothira mafuta, kenako phula la njuchi pang'ono. Gogodela wonyezimira ngati galasi sindimuona bwino.

Nsanza zonyowa ndi linseed musaziunjike. Mafutawa akamauma amatulutsa kutentha, ndipo mulu wa nsanza ukhoza kuyaka wokha usiku. Ziyanikeni panja kapena muzimize m'madzi. Pobwezera zitsulo, yambani mwapala mafuta amene aumira m'mphepete mwa dzenje la loko. Mukakakamiza loko kulowa, kachidutswa ka mtengo kamabenthuka, ndipo kuyera kwa pobenthukapo n'kovuta kukufananitsanso ndi mtundu wa pozungulira.