Madontho asanu a pachidendene

Sabata yatha anatitumiza ku kiliniki ina ya kumudzi, cha kunjira ya ku Chadiza, kukaphunzira ntchito ya sikelo. Tsiku lachiwiri anamwino aakulu anandipatsa kakhadi ka timabwalo tisanu kotengera magazi a khanda okayezetsa HIV, nati, "Mwanawe, lero ubaya ndiwe." Khandalo linali la masabata 6. Ndinafumbata kaphazi kake kuti katenthe, n'kubaya m'mbali mwa chidendene. Dontho loyamba timapukuta, otsatirawo ndiwo amadzaza timabwalo tija. Manja anali kunjenjemera ngati ndine ndikubayidwa.

M'kalasi ndinagwapo pa nkhani yomweyi. Aphunzitsi anafunsa chifukwa chake khanda sitiliyeza ndi kachipangizo kofulumira kamene timayezera akuluakulu. Ine kudzutsa dzanja: "Magazi ake ngochepa." Anzanga kuseka mpaka misozi. Zoona zake n'zakuti kachipangizo kaja sikaona kachilombo, kamaona chitetezo chimene thupi lapanga polimbana ndi HIV. Khanda limabadwa ndi chitetezo cha amake, ndipo chimatha kukhalamo mpaka miyezi 18. N'chifukwa chake khadi lija timaliumitsa n'kulitumiza ku labotale kukapimidwa ndi PCR, imene imasaka kachilombo kenikeniko. Ndipo sitichedwa nazo, pakuti mwa ana otenga HIV amene sanayambe mankhwala, pafupifupi theka amamwalira asanakwanitse zaka ziwiri.

Manambala ena ndinawaloweza ngati nyimbo. Popanda chithandizo, ana 15 mpaka 45 mwa 100 obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV amatenga kachilomboka ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. Mayi akamamwa ma ARV mosadumphitsa, chiwerengerocho chimatsika osafika 5. Njira yoti mayi aliyense wapakati wopezeka nako ayambe mankhwala a moyo wonse, Option B+, anaiyamba anzathu a kutsidya kwa Mwami, ku Malawi, mu 2011, ife kuno ku Zambia tinatsatira mu 2013. Lero ambiri amamwa TLD, piritsi limodzi patsiku. Mayi wosamwa mankhwala, TB, malungo ndi kuchepa magazi zimamupeza msanga, ndipo mwana atha kubadwa masiku osakwana kapena wopepuka pa sikelo. China chimene ndinalemba ndi inki yofiira: mayi wapakati amene ali pa Septrin, mankhwala oteteza ku matenda ena obwera chitetezo chikachepa, sitimupatsa Fansidar woteteza malungo.

Koma ine ndinkayesa kuti mwana akabadwa bwino, ntchito yatha. Ha! M'pamene imayamba. Amake a khanda lija, ntchembere ya ana atatu, anadikira kuti m'chipinda mutsale awiri, n'kunong'ona: "Anesi, apongozi akuti mwana akulira ludzu, ndizim'patsa madzi ndi kaphala. Ndiwayankhe bwanji?" Buku limati bere lokha miyezi 6, chifukwa zakudya zina zimakanda matumbo anthete ndipo kachilombo ka mumkaka kamapeza polowera. Koma bukulo silikhala pakhomo limodzi ndi apongozi. Mapiritsi awo mayiwa amabisa pansi pa thumba la ufa. Mankhwala a madzi oteteza mwana amam'mwetsa anthu akapita kudimba, ndipo wofunsa amamuuza kuti ndi a chifuwa. Abambo a mwanayo sanapondeko pa kiliniki.

Palinso amayi amene ndinkawaiwala, aja amene pa sikelo yoyamba anapezeka alibe kachilombo. Mayi akatenga HIV ali ndi pakati kapena akuyamwitsa, tizilombo timachuluka kwambiri m'magazi masabata oyambirira, ndipo mwana amakhala pangozi yaikulu. Ndiye timawayezanso pakapita miyezi itatu iliyonse, ngakhale ena amanyinyirika, "Si munandibaya kale?"

Funso la apongozi lija linandisowetsa chonena. Anamwino aakulu analowa, kumvetsera, n'kuyankha akumanga botolo la mankhwala m'kapepala: "Amake mwana, Lachiwiri mubwere nawo apongozi anuwo. Za bere ndikamba nawo ndine, monga lamulo la ana onse. Zinazo n'zanu, mudzanena nokha tsiku limene mudzafune."